Markov ndi DES: Njira Ziwiri Zoyezera Phindu la Chithandizo cha Kuchipatala

Unduna wa zaumoyo uliwonse, wa dziko lolemera kapena losauka, umakumana ndi funso lomwelomweli chaka ndi chaka: ndalama zochepa zili m'manjazi ziyambe kupita kuti? Mankhwala atsopano a shuga, makina oyezera khansa ya khomo la chiberekero, anamwino owonjezera, ambulansi za kumidzi, zonsezi n'zofunika, koma thumba silingakwanitse zonse. Chovuta china n'chakuti kafukufuku woyesa mankhwala kawirikawiri amatha pakadutsa zaka zowerengeka, pomwe munthu wa shuga kapena wa HIV amakhala ndi matenda akewo moyo wake wonse. Palibe boma lingadikire zaka 30 kuti lidziwe ngati linagula bwino. N'chifukwa chake akatswiri a chuma cha zaumoyo amamanga pakompyuta chiyerekezo cha miyoyo ya odwala, n'kuchithamangitsa kutsogolo, kuti aone ndalama zimene zidzalowe ndi zaka za moyo zimene zidzapulumutsidwe.

Njira zomangira ziyerekezo zotere zilipo zingapo, koma ziwiri ndizo zimayikidwa pa sikelo kawirikawiri. Yoyamba ndi ya Markov, imene imayendetsa odwala onse pamodzi monga gulu. Yachiwiri ndi discrete event simulation, mwachidule DES, imene imatsata wodwala mmodzimmodzi ndi zomuchitikira zake.

Njira ya Markov inatenga dzina kwa Andrey Markov, katswiri wa masamu wa ku Russia. Mu 1906 iye anayamba kulemba za zochitika zotsatana momwe chobwera chimadalira pamene chinthu chili tsopano basi, osati kumene chachokera. Mu 1913 anayesa ganizo lakelo powerenga zilembo 20,000 za m'ndakatulo ya Pushkin yotchedwa Eugene Onegin, kuti aone kuti mavawelo ndi makonsonanti amatsatana motani. Azachipatala anachedwa kuitola njirayi. J. Robert Beck ndi Stephen Pauker ndiwo anaifotokoza bwino kwa madokotala mu 1983, ndipo nkhani imene Frank Sonnenberg ndi Beck yemweyo analemba mu 1993 inasanduka phunziro loyamba la ambiri olowa ntchitoyi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Tiyerekeze kuti tili ndi anthu 1,000 a BP. Timawakonzera zigawo zitatu: amene akadali bwino, amene agwidwa sitiroko, ndi amene amwalira. Nthawi timaidula m'zidutswa zofanana, tinene chaka chimodzichimodzi. Ngati pa anthu 100 aliwonse amene ali bwino, awiri amagwidwa sitiroko pachaka ndipo mmodzi amamwalira, chaka choyamba chikamatha tikhala ndi 970 m'chigawo choyamba, 20 m'chachiwiri ndi 10 m'chachitatu. Chaka chachiwiri timabwereza kuwerengera komweko pa otsalawo, mpaka gulu lonse litatha. Chigawo chilichonse chili ndi mtengo wake wa pachaka komanso mlingo wake wa thanzi. Tikayendetsa gululi kawiri, koyamba ndi mankhwala akale, kachiwiri ndi atsopano, kusiyana kwa ndalama ndi kusiyana kwa zaka za moyo kumaonekera poyera.

Ubwino waukulu wa njirayi ndi kuonekera poyera komweko. Chiyerekezo cha Markov chimakwana mu Excel. Mkulu wa mapulani ku unduna atha kuchitsegula, kulondola nambala iliyonse kumene yachokera, kusintha mtengo wa mankhwala n'kuona yankho likusintha nthawi yomweyo. Cholakwika chikakhalapo chimagwidwa msanga. Izi sizopeputsa. Nkhani ya ndalama za boma imafuna kuti amene akusaina amvetse chimene akusainira.

Koma njirayi ili ndi zofooka zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Choyamba, ilibe chikumbumtima cha zakale, imaiwala. Munthu amene wagwidwa sitiroko mwezi wathawu ndi amene anagwidwa zaka 10 zapitazo, akakhala m'chigawo chimodzi, amawerengedwa ngati munthu mmodzi, chonsecho dokotala aliyense amadziwa kuti chiopsezo cha sitiroko yachiwiri chimakula kwambiri m'masabata ndi miyezi yoyambirira. Omanga ziyerekezo amathana nazo poonjezera zigawo: sitiroko ya chaka choyamba, sitiroko ya chaka chachiwiri, wa sitiroko amene alinso ndi shuga, wa sitiroko ndi shuga amene amasuta fodya. Zigawozo zimaswana mwachangu. Zinthu 10 zokha zoti inde kapena ayi zimabala zigawo 1,024, ndipo pamenepo kuonekera poyera kuja kwatha kale. Chachiwiri n'chaching'ono: anthu sadwala pa 31 December pokha, choncho pamafunika kukonza masamu kuti zochitika ziwerengedwe ngati zachitika pakati pa chaka. Zimenezo zimakonzeka.

Chachitatu ndicho chimandidetsa nkhawa. M'chiyerekezo cha Markov palibe amene amadikira. Aliyense wofuna dokotala amamupeza, aliyense wofuna bedi amaligonera, mankhwala satha. Odwala sapikisana, ndipo kuthandiza mmodzi sikuchedwetsa mnzake. Ganizo limeneli sililembedwa paliponse m'masamu. Limangokhalamo chete, ndipo wowerenga lipoti salizindikira.

DES inabadwira kumene kudikira ndiko kunali nkhani yeniyeni. Masamu a mizere anayamba ndi Agner Erlang, amene mu 1909 ankafufuza kuchuluka kwa mafoni olowa pakampani ya matelefoni ya ku Copenhagen. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, K. D. Tocher analemba pulogalamu yoyerekezera ntchito za m'mafakitale a zitsulo ku England, ndipo mu 1961 Geoffrey Gordon wa ku IBM anatulutsa pulogalamu ya GPSS. Ngakhale makompyuta asanafale, Norman Bailey anali atafufuza kale mu 1952 za mizere ya odwala oyendera m'zipatala za ku Britain. Anaonetsa kuti kuitana odwala awiri pachiyambi, kenako mmodzimmodzi motalikirana molingana ndi nthawi imene dokotala amatenga pa munthu, kumachepetsa kudikira popanda kumusiya dokotala manja lende. Choncho DES inalowa m'chipatala kudzera pakhomo la oyang'anira ntchito, ndipo pambuyo pake ndi pamene a chuma cha zaumoyo anayamba kuigwiritsa ntchito poyeza phindu la mankhwala.

Tiione pafupi. Kompyuta imalenga munthu: mayi wa zaka 54, wa BP ndi shuga, wokhala makilomita 12 kuchokera kuchipatala chaching'ono. Mbiri imeneyi amayenda nayo moyo wake wonse m'chiyerekezomo. Kenako kompyuta imachita maere, motsogozedwa ndi zimene kafukufuku anapeza pa anthu ofanana naye, kuti ipeze nthawi ya chilichonse chimene chingamugwere. Tinene kuti maere apereka sitiroko pakatha zaka 6, imfa ya matenda ena pakatha zaka 19, kusiya kumwa mankhwala pakatha miyezi 14. Choyandikira ndicho chimachitika. Wotchi imalumpha kufika pa mwezi wa 14, osawerenga masiku a pakatipa, mayi uja asiya mankhwala, ndipo nthawi ya sitiroko iwerengedwanso, tsopano yayandikira. Akadzagwidwa sitirokoyo, mbiri yake idzakumbukira tsiku lake, ndipo chilichonse chotsatira chidzadalira tsikulo. Kompyuta ikamaliza ndi mayiyu imalenga wina, ndi wina, mpaka masauzande ambirimbiri.

Kufika apa DES yangothetsa vuto la kuiwala. Mphamvu yake yeniyeni imaoneka tikaikamo zipangizo zowerengeka. Mayi uja afika pachipatala 7 koloko itangodutsa, buku lake la kuchipatala lili m'manja, apeza benchi yadzaza kale. Clinical officer alipo mmodzi. Makina oyezera BP alipo amodzi. Akafika pazenera la mankhwala masana, mwina amva mawu amene tonse timawadziwa, akuti mankhwala atha, mukagule ku famase. M'chiyerekezo cha DES zonsezi zimalembedwa: dokotala ndi chipangizo chimene wodwala mmodzi akachigwira, mnzake ayenera kuima pamzere, mankhwala ndi katundu amene amachepa pashelefu, ndipo mayi amene wabwerera chimanjamanja kawiri angathe kupatsidwa mwayi wochepa wobweranso kachitatu.

Masamu a mizere ali ndi phunziro limene nzeru wamba sizilipeza msanga. Tiyerekeze dokotala mmodzi amene amatenga mphindi 6 pa wodwala tikaphatikiza ofulumira ndi ochedwa, ndiye kuti atha kuona anthu 10 pa ola. Odwala akamafika mwachisawawa, 8 pa ola, masamu ofala a mzere umodzi amapereka kudikira kwa mphindi 24. Akakwera kufika 9 pa ola, kudikira kumafika mphindi 54. Akafika 19 pa maola awiri, kudikira kumayandikira maola awiri athunthu. Papepala dokotalayo akadali ndi mpata, chifukwa 9 sanafike pa 10, koma pabenchi zinthu zafika kale poipa. Aliyense amene anaimapo pamzere wa kuchigayo tsiku limene makina amodzi afa amadziwa kuti mzere sukula pang'onopang'ono, umangotuluka pakhomo mwadzidzidzi. Pulogalamu yatsopano yoyeza anthu matenda, imene chiyerekezo cha Markov chingaiyamikire kuti n'njotsika mtengo, ingakhale yomwe ikukankhira chipatala kuchoka pa 8 kufika pa 9. Mtengo wake weniweni umalipiridwa ndi odwala ena amene sanatchulidwe m'lipoti.

Wina anganene kuti basi, DES yapambana. Ayi. Njira imene ingathe kuonetsa zambiri ingathenso kulakwa m'malo ambiri, ndipo zolakwazo zimabisala bwino. N'chifukwa chake mu 2012 mabungwe awiri a akatswiri, ISPOR ndi SMDM, anatulutsa malipoti 7 a malangizo a kamangidwe kabwino ka ziyerekezo. Lokhudza njira za mtundu wa Markov linatsogozedwa ndi Uwe Siebert. Lokhudza DES linalembedwa ndi Jonathan Karnon pamodzi ndi James Stahl, Alan Brennan, J. Jaime Caro, Javier Mar ndi Jörgen Möller. Kwa ine, malangizo a DES amenewa ndiwo muyeso woyenera wofunsira aliyense amene wabwera ndi chiyerekezo chake ku unduna.

Langizo limene ndimaliika patsogolo ndi lakuti chiyerekezo cha zipangizo zowerengeka chisamathere pa kuwerenga kuthamanga kwa mzere. Chifike pa thanzi la anthu. N'zotheka kufupikitsa mzere pochepetsa mphindi zimene dokotala amakhala ndi wodwala, ndipo kompyuta idzaonetsa anthu ambiri akutuluka pakhomo. Koma ngati ofulumizitsidwawo akubwerera sabata yamawa atadwalika, chipatala sichinapindule kanthu. Chiyerekezo chimene chimanena za maola odikira okha n'chothandiza kwa woyang'anira nyumba, osati kwa wogawa ndalama za dziko. Pafupi ndi limeneli pali lina: womanga asangoganiza kuti zimene zili m'buku la malangizo a chithandizo ndizo zimachitika m'chipinda cha dokotala. Buku likhoza kunena kuti wodwala ayezedwe magazi miyezi ingapo iliyonse, koma ngati labotale ilibe zoyezera, chiyerekezo cholondola bukulo chikufotokoza chipatala chimene kulibe.

Palinso malangizo a kagwiridwe ka makina enieniwo. Popeza DES imayendera maere, kuiyendetsa kawiri kumapereka mayankho awiri osiyana pang'ono. Womanga ayenera kuonetsa kuti walenga odwala okwanira, kapena wabwereza kokwanira, mpaka yankho lakhazikika. Poyerekeza njira ziwiri za chithandizo, n'kwanzeru kugwiritsa ntchito odwala omwewo ndi maere omwewo mbali zonse ziwiri, kuti mayi wa zaka 54 uja akhale yemweyo pa mankhwala akale ndi atsopano. Apo ayi, kusiyana kobwera ndi mwayi chabe kudzaoneka ngati phindu la mankhwala. Ndiponso chipatala chenicheni sichiyamba tsiku chili mbee. Chiyerekezo chimene chayamba ndi mabedi onse opanda anthu chiyenera kuyendetsedwa kaye kwa kanthawi mpaka chifanane ndi wodi yeniyeni, ndipo zowerengera ziyambe pamenepo. Wodumpha zimenezi adzalengeza kuti mabedi alipo okwanira.

Mapulogalamu ogulitsidwa monga Simul8, Arena ndi AnyLogic amatha kuonetsa tianthu tikuyenda pasikirini, tikulowa m'zipinda, tikuima pamzere. Zithunzi zoterezi zimathandiza kwambiri namwino wamkulu kuti aloze chala n'kunena kuti kuno sitiyenda choncho, wodwala amayamba wapita kukalembetsa. Pa ntchito imeneyo n'zamtengo wapatali. Koma ndikuchenjeza kuti chithunzi chokongola chimakopa anthu a mu komiti kuposa mzere wa manambala, ngakhale manambala a pansi pake atakhala ongopeka. Chiyerekezo chimayesedwa poona ngati chingabwereze zimene zinachitikadi chaka chatha: odwala angati anagonekedwa, anakhala masiku angati, anamwalira angati.

Apa ndi pomwe mtengo wa DES umaonekera. Markov imafuna manambala ochepa: mwayi wosamuka chigawo, mtengo, mlingo wa thanzi. DES imafuna kudziwa kafalikidwe ka nthawi, osati avereji yokha: ndi odwala angati amatenga mphindi 3, angati amatenga 20, amafika nthawi yanji, Lolemba limasiyana bwanji ndi Lachisanu. Kuyeza kukayikitsa kwa yankho nakonso n'kolemetsa. Ngati tikufuna kuyesa manambala oyambira m'njira 1,000 zosiyana, ndipo ulendo uliwonse ukufuna odwala 50,000, kompyuta iyenera kuyendetsa miyoyo 50 miliyoni. Markov imamaliza ntchito yofananayo munthu asanadzuke pampando. Ndipo wofuna kufufuza zolakwa mu DES ayenera kudziwa kuwerenga pulogalamu, kaya ya Python kaya ya R, zimene si aliyense mu ofesi ya mapulani angathe.

Pali njira ya pakatikati imene imasunga zigawo ndi zidutswa za nthawi za Markov koma n'kuyendetsa anthu mmodzimmodzi. Imathetsa kuiwala kuja, ndipo pa mafunso ambiri imakwanira. Koma mizere siibwera nayo yokha.

Ku England, bungwe la NICE limene limaunika ngati mankhwala atsopano ayenera kulipiridwa ndi boma limalandira kwambiri ziyerekezo za gulu, ngakhale mu 2014 akatswiri olithandiza anatulutsa malangizo a ziyerekezo za wodwala mmodzimmodzi. Funso lawo nthawi zambiri limakhala lopapatiza: piritsi ili kapena ilo, kwa odwala amene ali kale m'manja mwa dokotala. Pa funso lotero, kuganiza kuti zipangizo zilipo sikusokoneza yankho kwambiri, chifukwa mapiritsi awiriwo amadya nthawi yofanana ya dokotala. Kumanga DES pamenepo kungakhale kuwononga miyezi ndi ndalama pa yankho limene Excel ikanapereka.

Kuno kwathu funso limasintha nkhope. Pokonza mndandanda wa chithandizo chimene boma la Malawi lingalonjeze aliyense, kafukufuku wa Jessica Ochalek ndi anzake wa mu 2018 anagwiritsa ntchito malire a madola 61 pa chaka chimodzi cha moyo wathanzi chopulumutsidwa. Nambala yochepa choncho ikusonyeza kuti kulakwitsa pogawa kumalipiridwa ndi miyoyo. Ndipo chimene chimatchinga chithandizo kuno nthawi zambiri si mtengo wa piritsi wokha, koma kusowa kwa namwino wolipereka, galimoto yolibweretsa, ndi bedi logonekapo wodwala. Ntchito ya Thanzi la Onse, imene inayamba mu 2017 mogwirizana pakati pa University of York, Imperial College London, University College London, College of Medicine imene tsopano ili KUHeS, ndi Unduna wa Zaumoyo, inamanga chiyerekezo chotsata Amalawi mmodzimmodzi, matenda awo osiyanasiyana, ndi kukumana kwawo ndi zipatala zimene nthawi ya ogwira ntchito, mankhwala ndi mabedi n'zowerengeka. Pulogalamu yake inalembedwa mu Python ndipo ili poyera pa tsamba la pa intaneti la GitHub kuti aliyense aiwerenge. Kuiika poyera kumeneko ndikuona kuti n'kofunika mofanana ndi masamu ake, chifukwa ndi njira yokhayo yobwezera kuonekera poyera kumene DES imataya.

Chimene chingatibweze m'mbuyo ndi zolemba zathu. Malipoti a pamwezi amene zipatala zimatumiza mu kaundula wa pakompyuta wa DHIS2 amanena kuchuluka kwa anthu amene anathandizidwa, koma sanena ola limene munthu anafika, ola limene anaonedwa, kapena kuti ndi angati anatopa n'kubwerera kwawo asanalembedwe. Mbiri ya wodwala imakhala m'buku limene amapita nalo kunyumba. DES yomangidwa popanda manambala a nthawi imadalira maganizo a akatswiri, ndipo maganizowo ayenera kulembedwa momveka kuti ndi maganizo, n'kuyesedwa kuti yankho lisintha motani akakhala olakwika. Kutumiza ophunzira a zaumoyo kuti akakhale pachipatala ndi wotchi ndi kope kwa masabata angapo si ntchito yodula, ndipo ingapatse ziyerekezo zathu maziko amene panopa ndi ochepa.

Ndikaika ziwirizi pa sikelo, chigamulo changa ndi ichi. Funso likakhala la mankhwala awiri operekedwa ndi munthu yemweyo m'chipinda chomwecho, Markov ikwanira, ndipo wobweretsa DES afotokoze chimene waonjezera. Funso likakhudza nthawi ya anamwino, mabedi, labotale, fiyeta kapena kutumiza odwala kuchipatala chachikulu, chiyerekezo cha Markov chisalandiridwe chokha, chifukwa chimayankha ngati mzere kulibe. Inu amene mumakhala m'makomiti ogawa ndalama za zaumoyo, musanavomere lipoti lililonse, funsani wolibweretsa kuti m'chiyerekezo chake wodwala akafika n'kupeza dokotala ali ndi wina chimachitika n'chiyani, ndipo akuonetseni tsamba limene yankholo lalembedwa.